Ana Athu Akufuna Kujambula Sewero: Ife Tiwathandize Bwanji?

Awa ndi mawu amene mmodzi wa mamembala a komiti adayankhula pa msonkhano waukulu wapachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza onse kuti anzathu amene sadathe kufika awerenge okha.

 

Ndaima pano chifukwa cha kalata imodzi. M'mwezi wa Okutobala komiti yathu idalandira kalata yochokera ku kalabu ya zisudzo ya pasukulu pano, yolembedwa pamanja pa pepala la m'kope, ndipo idasainidwa ndi ana anayi pamodzi ndi mphunzitsi wowayang'anira. Anawa akuti akufuna kujambula sewero lalifupi la zigawo 6, gawo lililonse la mphindi zosapitirira 8, ndi kumatulutsa gawo limodzi sabata iliyonse pa intaneti. Akupempha bungwe lathu kuti liwagwire dzanja. Kalatayi itawerengedwa, komiti idagawikana. Ena adati tiwathandize msanga chifukwa dziko lapita kumeneko. Ena adati ndalama zathu n'zochepa, madesiki sadakwanebe, ndipo mwana amabwera pano kudzakhoza mayeso osati kudzaonekera pa foni. Onsewa ndi anthu okonda sukulu ino. Tsono popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, komiti idandituma kuti ndikakhale nawo anawo ndi kubweretsa zimene ndaona. Ndapitako Loweruka katatu, ndipo lero ndikupereka lipoti langa pamodzi ndi maganizo anga.

Choyamba chimene chidandigwira mtima ndi mmene agawanirana ntchito. Ndidaganiza kuti ndikapeza gulu la ana amene aliyense akufuna kukhala mwini filimu. Ndidapeza kuti ali ndi kope lalikulu la chikuto cholimba, ndipo m'kopemo muli dzina la aliyense ndi ntchito yake. Atatu ndi olemba nkhani. Mmodzi ndi wotsogolera sewero. Awiri ndi ogwira foni yojambulira, mmodzi ndi womvetsera mawu, wina ndi wosunga zovala ndi katundu yense, wina ndi msungichuma ngakhale kuti chuma chakecho sichidafike. Pali mtsikana wa Fomu 3 amene ntchito yake ndi kulemba zimene munthu aliyense adavala ndi pamene adaima pa chithunzi chilichonse, kuti amene adalowa m'nyumba atavala malaya oyera asatulukemo atavala ofiira. Palinso anyamata awiri ndi atsikana awiri amene saoneka n'komwe m'seweromo, ntchito yawo ndi kuganiza za mmene anthu adzadziwire kuti sewerolo liliko. Ine ndagwira ntchito m'boma zaka zoposa 20, ndakhala m'makomiti osawerengeka, koma makomiti amene membala aliyense amadziwa ntchito yake chotere ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi.

Nkhani imene alembayo simudzaidabwa, chifukwa ambiri a ife tidadutsamo. Ndi ya mtsikana wa Fomu 2 amene kwawo n'kutali ndi sukulu, kotero amachita lendi kachipinda kuseri kwa magolosale pamsika pamodzi ndi anzake awiri. Lolemba amabwera ndi kathumba ka ufa ndi ndiwo zofutsa. Ikafika Febuluwale kumudzi nkhokwe yagona, ufa sukubweranso, mwini nyumba akufuna ndalama yake, ndipo pali bambo wina wogula mbewu amene wayamba kumulonjera ndi dzina. Mlongo wake wa mtsikanayo naye wajomba milungu iwiri chifukwa akusoka fodya m'chigafa. Palibe mfuti m'seweroli, palibe galimoto zothamangitsana. Muli chigayo, mjigo, kabaza, msika ndi kalasi. Aliyense wa ku Nsaru, ku Kabudula, ku Mpingu, ku Nambuma kapena ku Namitete akadzaonera, adzanena kuti mtsikana uyu ndikumudziwa.

Loweruka lachiwiri ndidawapeza akukangana za mathero ake. Anyamata ena amafuna kuti mtsikanayo atenge mimba, achotsedwe sukulu, adwale, kuti anthu atengepo phunziro. Atsikana adakana kwamtuwagalu. Adafunsa kuti n'chifukwa chiyani m'masewero ambiri amene amalangidwa kumapeto amakhala mtsikana yekha, pamene bambo wamkulu amene adamunyenga uja amangozimirira ngati utsi. Mmodzi adakumbutsa anzake kuti kuyambira m'chaka cha 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, ndiponso kuti m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangakwatiwe. Mkanganowo udatha ola lathunthu. Mphunzitsi wawo adangokhala pakona osalowerera. Pomaliza adavota pokweza manja, ndipo amene adagonja adavomera kulemba nawo mathero amene sadawafune. Sindikuuzani mathero akewo, mudzaonera nokha. Chimene ndikufuna mumve n'chakuti ana a zaka 15 ndi 16 adatsutsana pa nkhani yowawa, adagwiritsa ntchito lamulo la dziko ngati umboni, ndipo adatuluka m'kalasimo akadali gulu limodzi.

Tsono kwa anzanga amene mukuona ngati zimenezi n'zachilendo, tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. Ife amene tidali pano m'zaka za m'ma 1990 tidakula ndi sewero. Madzulo timazungulira wayilesi ya mabatire kumvera Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC. Galimoto za a zaulimi ndi a zofalitsa nkhani zikabwera m'mudzi ndi kanema, timakhala pansi pabwalo mpaka usiku, fumbi lili m'maso. Pamsika padali nyumba za vidiyo zoyendera jenereta, mmene ambiri a ife tidasiyamo makobiri a sopo poonera Bruce Lee ndi Rambo. Kusukulu kudali mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ndipo sukulu ikapambana m'chigawo mbiri yake imamveka dziko lonse. Wayilesi yakanema ya dziko lino idatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, ambiri a msinkhu wanga titatuluka kale pano. Motero masewero athu onse adathera pomwe tidawachitira. Palibe ngakhale chithunzi chimodzi chotsala.

Ndipo tisaiwale kuti akatswiri amene timawatchula ndi ulemu lero adayambira pa mabenchi onga omwe mwakhalirawo. Du Chisiza Jr adali mwana wasukulu ku HHI ku Blantyre pamene sewero lake lotchedwa The Deceased's Attack lidapambana mpikisano wa sukulu za sekondale m'chaka cha 1982. Patapita zaka zisanu, m'chaka cha 1987, adayambitsa gulu la Wakhumbata, ndipo pomwalira m'chaka cha 1999 adali ataonetsa kale kuti munthu angathe kudya za zisudzo m'Malawi muno. Gertrude Kamkwatira adachokera m'gulu lomwelo n'kukatsogolera lake la Wanna-Do. John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene tonse timawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, adatiseketsa m'Chichewa chathu chomwechi kwa zaka zambirimbiri mpaka adatisiya, wina m'chaka cha 2016 wina m'chaka cha 2021. A Michael Usi, amene tidawadziwa ngati Manganya mu Tikuferanji, adafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino m'chaka cha 2024. Ku Chancellor College, gulu la Travelling Theatre limatenga masewero kupita nawo m'midzi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 lidagwira ntchito ndi anthu a ku Liwonde kukambirana za zitsime ndi ukhondo kudzera m'sewero limene eni mudzi amalowamo okha.

Nawo mafilimu a kuno kwathu akula tikuona. A Shemu Joyah, amene ntchito yawo yophunzira ndi yoyeza malo, adatulutsa The Last Fishing Boat m'chaka cha 2012 ndi The Road to Sunrise m'chaka cha 2017. Filimu ya Mayi Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe idalandira mphotho ku Lagos m'dziko la Nigeria m'chaka cha 2016. M'chaka cha 2019 dziko lonse lapansi lidaonera pa Netflix nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yojambulidwa komweko, anthu ake akuyankhula Chichewa. Kasungu si kutali ndi kuno. Ngati nkhani ya mnyamata wa m'mudzi amene njala idamuchotsa sukulu idafika ku London ndi ku New York, nkhani ya mtsikana wochita lendi kuseri kwa golosale ili ndi mwayi wake nayonso.

Chimene chasintha pakati pa nthawi yathu ndi ya anawa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi chipangizo. Kale kuti ujambule kanema umafunika kamera imene ngakhale sukulu yonse sikadatha kugula, pamene lero foni ya m'manja ikujambula, ikudula ndi kulumikiza zithunzi, n'kutumizanso. Chachiwiri ndi khomo. M'nthawi ya chipani chimodzi sewero limayamba laonedwa ndi a Censorship Board, motsatira lamulo la m'chaka cha 1968, ndipo kuti lifike kwa anthu ambiri umadikira kuti a wayilesi akusankhe. YouTube idayamba m'chaka cha 2005, ndipo lero mwana wa kwa Chitukula angathe kuika ntchito yake pamalo amodzi ndi a ku Lagos popanda kugogoda pa ofesi ya munthu. Koma walira mvula walira matope. Khomo lotseguka limalowetsa mphepo yomwe, ndipo apa ndi pamene anawa akufunika akuluakulu.

Ndiyambe ndi zovuta za ntchito yeniyeniyo. Anawa adayesa kale kujambula gawo loyamba ndi foni ya mphunzitsi wawo, ndipo adandionetsa. Zithunzi zidatuluka bwino ndithu, koma mawu samamveka. Pamene mtsikana uja amauza mnzake zakukhosi, chimene chimamveka ndi chigayo, njinga yamoto ndi tambala. Apa adaphunzira chinthu chimene odziwa ntchitoyi amanena kawirikawiri, kuti munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma mawu akapanda kumveka amatseka n'kupita kwina. Akufunika timaikolofoni ting'onoting'ono tokoleka pamalaya. Adaphunziranso kuti m'kalasi ya malata sungajambule mvula ikugwa, kuti dzuwa la masana limadetsa nkhope, ndi kuti nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena chakumadzulo. Kaamba ka zimenezi akonza kuti teremu yachiwiri ikhale yoloweza ndi kuyeserera, ndipo kujambula kudzachitike pa tchuthi cha Epulo, mvula ikamapita koma fodya akadali m'zigafa ndi chimanga chikadali m'munda, popeza nkhani yawo ikufuna zinthu zimenezi zioneke. Kudula ndi kulumikiza kudzachitika m'teremu yachitatu, ndipo zigawozo zidzayamba kutuluka pa tchuthi chachikulu cha Ogasiti.

Vuto lachiwiri ndi la ulemu wa anthu, ndipo ili ndi limene ine ndikuliopa kwambiri. Sewero lathu la kale likatha, anthu amaseka n'kuiwala. Chimene chaikidwa pa intaneti sichifufutika, chifukwa ngakhale mwini wake achichotse, ena amakhala atachisunga kale m'mafoni mwawo. Mtsikana amene adzasewere ngati wonyengedwa ndi bambo wogula mbewu uja adzayenda pamsika womwewo mawa lake, ndipo padzapezeka ena omuitana ndi dzina la m'sewero. Tsiku lina adzafuna ntchito kapena banja, chithunzicho chidakalipo. Motero ndawauza anawa, ndipo aphunzitsi agwirizana nazo, kuti mwana aliyense wooneka m'seweromo abweretse chilolezo cholembedwa cha kholo lake, kholo litauzidwa bwinobwino mbali imene mwanayo adzasewere. Asajambule munthu pamsika kapena pakhomo pake osamupempha. Asatchule dzina la golosale yeniyeni, ndipo bambo woipa uja asafanane kavalidwe kapena kayankhulidwe ndi munthu wina wodziwika kuno, chifukwa tili ndi lamulo la m'chaka cha 2016 loona za mauthenga a pa intaneti, ndipo kunyoza munthu pa foni ndi mlandu monga kumunyozera pabwalo. Nyimbo za oimba ena asangozitola, popeza zili ndi eni ake ndipo bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 kuti liziteteza zimenezo. Kwaya ya pasukulu pano yavomera kupeka nyimbo yawoyawo. Ndipo popeza kuno n'kwa Achewa, ndawachenjeza kuti Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira m'chaka cha 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ali ndi eni ake. Foni isaloze kumeneko popanda mawu a mafumu. A Gulupu, pamenepa tidzadalira inu.

Tsopano ndifike pa nkhani yofalitsa, imene anawa aiganizira mozama kuposa mmene ndimayembekezera. Funso limene adadzifunsa ndi lakuti, kodi tikujambulira yani? Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'Malawi muli anthu 17.5 miliyoni, kuti 84 mwa anthu 100 alionse amakhala kumudzi, ndiponso kuti nyumba zounikira magetsi zidali pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse. Anthu amene nkhaniyi ikuwakhudza kwambiri, makolo a atsikana ochita lendi aja, si amene amagula bandulo kuti aonere YouTube. N'chifukwa chake gawo lililonse ndi lalifupi, ndipo n'chifukwa chake akonza njira zitatu. Njira yoyamba ndi YouTube ndi Facebook, ya anthu a m'tauni ndi abale athu amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town ndi kwina. Yachiwiri ndi kuchepetsa kulemera kwa gawo lililonse kuti lizitha kuyenda pa WhatsApp ndi kudumpha kuchoka pa foni ina kupita pa ina popanda bandulo. Yachitatu ndi kupita nalo kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi pamsika, ndi kwa eni nyumba za vidiyo, kuwapatsa ulere kuti aziika pamodzi ndi mafilimu awo otanthauziridwa m'Chichewa aja.

Pamwamba pa izi akufuna kuti gawo loyamba lidzaonetsedwe muholo muno makolo ndi mafumu ali pomwepo, lisadapite kwina kulikonse, kuti eni nkhani akhale oyamba kuiona ndi kuyankhulapo. Alemba kale makalata oti adzatumize ku mipingo kuti adzalengeze pa zolengeza za Lamulungu, ndipo akuganiza zolemberanso nyumba zoulutsira mawu monga Radio Alinafe, Zodiak ndi Mudzi Wathu ya ku Mchinji kupempha kamphindi pa mapologalamu a achinyamata. Akonza kuti gawo lililonse lizithera pamene mtima uli m'mwamba, monga amachitira a Kapalepale, kuti munthu adikire sabata yamawa. Dzina la sewero lenilenilo sadagwirizanebe. Ali ndi maina atatu pa bolodi, ndipo akufuna kuti sukulu yonse idzavote, poganiza kuti mwana amene wavotera dzina adzakauza kwawo. Amene mumagwira ntchito yotsatsa malonda m'makampani, ndiuzeni ngati mukadaganiza zoposa pamenepa.

Ndikudziwa kuti nkhawa ya mayeso ikadalipo m'mitima ya ambiri, ndipo ndi nkhawa yoona. Satifiketi ya MSCE ndiyo idatitsegulira ambiri a ife khomo la ku koleji ndi la ntchito, ndipo palibe sewero limene lingalowe m'malo mwake. Pa chifukwa ichi tagwirizana ndi a Mphunzitsi Wamkulu mfundo zitatu. Ana a Fomu 4 athandize polemba nkhani yokha, ndipo ikangoyamba teremu yachiwiri atuluke m'gululi akawerenge. Mwana aliyense amene magiredi ake atsika pa mayeso a teremu apume kaye mpaka atakwera. Foni yojambulira izikhala mu ofesi, izituluka Loweruka ndi pa tchuthi pokha mphunzitsi ali pomwepo, ndipo lamulo la sukulu loletsa ana kusunga mafoni likhale monga liliri. Komanso ndikupempheni muonenso zimene ndafotokoza zija. Mwana amene walemba zokambirana za anthu asanu m'Chichewa chomveka, wawerengera ndalama za ulendo wa kabaza, walemba kalata yopita ku wayilesi, wasunga nthawi ndi kuvomera kugonja pa voti, sadataye nthawi yake. Ine ku ofesi ndimalandira achinyamata a madigiri abwino amene sangathe kugwira ntchito ndi anzawo sabata imodzi osadandaulirana. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, timanena tonse, koma malo ophunzirira zimenezi pa sukulu ndi ochepa.

Za madesiki, yankho langa ndi lakuti thumba la madesiki lisakhudzidwe ngakhale tambala imodzi. Zimene anawa akufuna zambiri zili kale m'nyumba zathu. Pali ena muno amene mudagula foni yatsopano chaka chino, yakale ija ili m'dilowa. Ngati kamera yake ili bwino, ibwereketseni ku sukulu. Akufuna timaikolofoni tiwiri, kamtengo koimikira foni, batire yosungira moto ndi kasola kochajira, mamemori khadi awiri kuti chilichonse chojambulidwa chizisungidwa pawiri, ndi bandulo yotumizira zigawo 6. A Msungichuma atsegula tsamba lapadera m'buku lawo, ndipo amene muli kutali mungathe kutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Katundu yense adzalembedwa m'kaundula wa sukulu, ndipo chilichonse chogulidwa chidzakhala ndi lisiti lake. Ife a m'boma timawadziwa matenda a alawansi, mmene ntchito yabwino imafera chifukwa anthu azolowera kusaina asadagwire kanthu. Matenda amenewa tisawapatsire ana. Ataweruka pojambula adye nsima limodzi, basi. Ndiponso nambala yachinsinsi yotsegulira tsamba lawo la pa intaneti isungidwe ndi aphunzitsi awiri pamodzi ndi mlembi wa bungwe lathu, kuti mwana mmodzi akamaliza sukulu asapite nayo ntchito ya gulu lonse.

Kupatula katundu, akufuna nthawi yathu. Muno muli atolankhani, muli odziwa makompyuta, muli maloya, anamwino ndi apolisi. Loweruka limodzi lokha la mtolankhani wodziwa kudula zithunzi lingawapulumutse ku mwezi wathunthu wophunzira mwa kulakwitsa. Namwino angawauze ngati zimene alemba za kuchipatala zili zoona. Wapolisi angawafotokozere zimene zimachitikadi kholo likakadandaula za bambo wonyenga mwana wasukulu, kuti woonera adziwe khomo loyenera kugogoda. Ndipo tonse amene tili m'magulu a WhatsApp a kuntchito, a kumpingo ndi a kumudzi, gawo likadzatuluka tidzalitumize, monga timatumizira mauthenga a ukwati ndi a maliro.

Pomaliza, pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha kuti tisachite, ndipo izi n'zovuta kuposa kupereka ndalama. Choyamba, tisawalande nkhani yawo. Ife akuluakulu tikathandiza timafuna kuti tionekere. Wina adzafuna kuti gawo lomaliza likhale ulaliki, wina adzafuna kuti golosale yake ioneke, wina adzabweretsa nsalu ya chipani chake kuti ikhale chovala cha mayi wa m'sewero. Zonsezi tizikane. Ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti anawa ali otetezeka ndi kuti sakuphwanya lamulo. Zotsalazo n'zawo, ngakhale pamene nkhaniyo ikutiloza chala ife eni, popeza bambo wogula mbewu uja ndi wa msinkhu wathu. Chachiwiri, tisawalonjeze kutchuka kapena chuma. Mwina adzaonera anthu zikwi zambiri, mwina mazana ochepa chabe a m'dera lino. Tisadzayeze ntchito yawo ndi nambala imene ili pansi pa chithunzi. Ngati kholo limodzi litaonera lidzakwere njinga kukaona mmene mwana wake akugonera kuseri kwa magolosale kuja, ndipo ngati ana 17 amene ali m'kope lija adzamalize chimene adayamba ali limodzi, ndalama yathu idzakhala itagwira ntchito.

Choncho, a Wapampando, ndikupereka ganizo lakuti msonkhano uno uvomereze kuthandiza kalabu ya zisudzo motsatira mfundo zimene ndatchulazi, usankhe anthu atatu, mmodzi mwa iwo akhale mayi, oti aziyenda ndi anawa kuyambira Januwale mpaka Ogasiti, ndipo anthu atatuwo adzapereke lipoti lolembedwa pa msonkhano wathu wa chaka chamawa. M'mera mpoyamba. Amene muli ndi foni, maikolofoni kapena Loweruka limodzi loti mupereke, a Mlembi ali ndi pepala pakhomo paja, mulembetse musadapite ku chakudya.